Jakisoni wa tizitsulo ndi chiwindi cha bambo a Nabanda

*Lachinayi madzulo*

Nabanda (Highfield, Harare): Mwaswera bwanji abale. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali. Bambo anga aja ndinakuuzani kuti akutupa miyendo, Lachiwiri tinapita nawo kukawaunika m'mimba ndi kamakina kopaka mafuta kaja. Apeza kanthu pachiwindi, sakudziwa ngati ndi chotupa choopsa kapena ayi. Adokotala akuti pakufunika MRI, ndipo kuti kanthuko kaoneke bwino ayenera kuwabaya mankhwala mumtsempha. Koma atangoona pepala la impso anakhala kaye chete. Bambo akhala ndi shuga zaka zambiri, impso zafooka. Tsono achimwene anga a ku Leeds ku England anditumizira uthenga kuti ndikane gadolinium, mankhwala omwe amabaya pa MRI aja, ndipemphe mankhwala a tizitsulo ting'onoting'ono, akuti amenewo sakhudza impso. Ine mutu wangoima. Alipo akuzidziwa zimenezi?

Amai a Chisomo (Epworth): Tizitsulo m'magazi?! Achemwali musalole. Makina ajatu ndi maginito, ndinamva kuti amakoka ngakhale mpando wa odwala. Ndiye munthu ali ndi zitsulo m'thupi sang'ambika mkatimo?

Aphiri a ku Siyaso: Ngati ndi dzimbiri akufuna abwere ku Magaba kumsika wathu wa zitsulo, ndiwapatsa ndowa yodzaza, ulele 😂

Agogo Gama: Aphiri, pano pali matenda. Nthabwala mudikire nazo.

Aphiri a ku Siyaso: Pepani agogo. Pepani a Nabanda, madala achire.

Amai a Chisomo (Epworth): Si zomwe zija za 2021 anthu ankamata ndalama yachitsulo pamkono pomwe anabayidwa katemera? Ine zija zinandiopsa mpaka lero.

Sisitala Nangondo: Amai a Chisomo, zija zinali zabodza. Mukatemera munalibe chitsulo chilichonse, ndalama inkamata chifukwa cha thukuta. Yesani pachipumi panu muona imata. Koma zomwe akunena achimwene a Nabanda zilipodi, si mphekesera ayi. A Tiyamike ndi amene amagwira ntchito pa makinawo, ndawaitana, akuti akangotsika mu kombi ayankha.

Aphunzitsi Mwale (Mufakose): Podikira a Tiyamike ndiikepo zomwe ndikudziwa, poti choko ndinachisiya koma mutu sunapume pantchito. Aphiri sanalakwitse kwenikweni. Mankhwalawo ndi pachibale ndi dzimbiri, chitsulo chophatikana ndi okosijeni, mtundu wake wakuda wotchedwa magnetite ndi mnzake maghemite. Kusiyana kwake ndi dzimbiri la ku Magaba ndi kukula. Tengani milimita imodzi pa rula muigawe magawo 1,000,000, gawo limodzilo ndiye nanomita. Tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000. Selo yofiira ya magazi ndi pafupifupi 7,500. Tinthu tikunenati tina ndi 30, tina 60, tokulirapo 150. Kenako amatikuta ndi chikuto chonga shuga kuti tisamatane komanso thupi lisadzidzimuke nato.

Za kung'ambika, amai a Chisomo, mtima m'malo. Mukakhuza msomali pa maginito, msomaliwo umatsala ndi mphamvu, umayamba kunyamula mapini. Koma chitsulo chikachepa kufika pa msinkhu uwu khalidwe lake limasintha. Chikakhala m'kati mwa maginito chimamvera kwambiri, chikangotuluka chimaiwala zonse, sichisunga mphamvu. N'chifukwa chake sitiunjikana n'kutseka mtsempha. Ndipo kanthu kochepa chotero maginito sangakakoke mpaka kuboola mnofu.

Amai a Chisomo (Epworth): Aphunzitsi mwayamba kalasi 😅 koma ndamvako.

Tiyamike: Ndafika abale. Moni nonse, pepani a Nabanda ndi matendawo. Ndawerenga zonse. Ndiyambe ndi chomwe chikufunika msanga, zinazo tikambirana pambuyo. Pa pepala la impsolo fufuzani pomwe palembedwa eGFR, muyeso wa mmene impso zikusefera magazi. Nambala yake ndi chani?

Nabanda (Highfield): Pepala lili ndi ang'ono anga ku Glen Norah. Ndawaimbira sakuyankha, mwina magetsi kulibe foni yazima.

Tiyamike: Chabwino, mukalipeza mundiuze. Nambala imeneyo ndi imene ikulamulira nkhani yonseyi. Ndifotokoze chomwe chinachititsa adokotala kukhala chete.

MRI sijambula ndi cheza ngati X-ray kapena CT. Imamvetsera madzi a m'thupi. Maginito amakhazika tinthu ta hayidirojeni ta m'madziwo pa mzere, makina amatigwedeza ndi mafunde a wailesi, ndiye tikamabwerera m'malo timatulutsa kachizindikiro komwe kompyuta imasandutsa chithunzi. Mankhwala omwe timabaya, ife timangoti contrast, sajambulika okha ayi. Ntchito yawo ndi kusintha liwiro lomwe madzi oyandikana nawo akubwerera nalo m'malo. Gadolinium imachititsa malo omwe yafika kuwala. Inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1988 ndipo anthu mamiliyoni ambiri abayidwa popanda vuto.

Payokha gadolinium ndi poizoni, choncho amaitsekera m'kakhola ka mankhwala ena, impso n'kuitulutsa ndi mkodzo isanamasuke. Munthu wa impso zabwino, likamatha tsiku yambiri yatuluka. Koma impso zikafooka kwambiri imachedwa m'thupi masiku ambiri, ndipo ina imatha kupulumuka m'kakhola kaja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunaoneka matenda achilendo mwa anthu osefedwa magazi ndi makina: khungu kuuma gwaa ngati chikumba, mfundo kukanika kupinda. Mu 2006 dokotala wina wa ku Austria, Thomas Grobner, ndiye anaona kuti odwalawo anali atabayidwa gadolinium. Matendawo ndi NSF, ndipo alibe mankhwala enieni. Kuyambira pamenepo, eGFR ikatsika pansi pa 30 aliyense amayamba waganiza kawiri.

Nabanda (Highfield): Mayo ine. Ndiye achimwene akunena zoona, ndikane basi.

Tiyamike: Dikirani kaye achemwali, nkhani ya achimwene anu yaima pa 2007, ife tili patsogolo. Gadolinium si imodzi. Pali ya kakhola kotseguka kumapeto, ndi ya kakhola kozungulira kotsekeka mbali zonse. Pafupifupi odwala onse a NSF anabayidwa yotsegukayo. Ku Ulaya mu 2017 anaimitsa ingapo ya mtundu umenewo, makamaka ataona kuti timatsalira take timakhala mu ubongo. Yozungulira ija, monga Dotarem, Gadovist ndi ProHance, chiopsezo chake n'chochepa zedi ngakhale kwa a impso zofooka, moti madokotala ambiri masiku ano sakaniza munthu MRI yofunikira chifukwa cha impso zokha. Funso lokawafunsa ndi lakuti: muwabaya iti, dzina lake ndani?

Kondwani wa ku UZ: Achemwali a Tiyamike, koma tizitsulo timene akunenato ife tinaphunzira kuti pa chiwindi ndi pomwe timachita bwino kuposa pena paliponse. Si choncho?

Tiyamike: Eya, ndipo nzeru yake ndi yokoma, ine ndimaikonda. Fotokozani inu mwana wa sukulu, zala zanga zipumeko.

Kondwani wa ku UZ: Zikomo. M'chiwindi muli maselo ena ogwira ntchito ngati osesa mumsewu, amameza chilichonse chachilendo chodutsa m'magazi. Amatchedwa maselo a Kupffer, dzina la Mjeremani amene anawaona mu 1876. Mukabaya tizitsulo, osesawa amatimeza. Chiwindi chabwinobwino chimadzaza ndi tizitsulo, ndipo pa chithunzi chimada bii, chifukwa chitsulo chimasokoneza maginito pamalopo n'kuzimitsa kachizindikiro kaja msanga. Koma zotupa zambiri za khansa, makamaka zochokera kwina n'kudzamera m'chiwindi, zilibe osesa amenewa. Ndiye chiwindi chonse chada, chotupacho chatsala choyera mbee ngati mwezi. Gadolinium imayatsa nyali pa chotupa, chitsulo chimazimitsa nyali zonse zozungulira. Akamaliza ntchito, thupi limaphwanya tizitsuloto pang'onopang'ono, ayironi wake n'kulowa m'nkhokwe ya thupi, wina n'kupangira magazi. Impso sizigwira ntchito iliyonse pamenepo.

Aphiri a ku Siyaso: Ndiye bwanji osangobaya aliyense zimenezo, poti mpaka zimawonjezera magazi? Pali katangale apa.

Tiyamike: Katangale palibe Aphiri, ndi msika chabe. Mankhwala oyamba a mtunduwu, Feridex, ku Ulaya ankati Endorem, anavomerezedwa ku America mu 1996. Ankalowa ndi diripi kwa mphindi 30, ena ankamva msana kuwawa, wodwala ankajambulidwa kaye, kutuluka, kulandira diripi, n'kubwereranso m'makina. Taganizani mzere wa anthu panja. Komanso madokotala owerenga zithunzi amakonda chinthu chowala, chifukwa malo akuda angakhale chitsulo, angakhale magazi akale, angakhale mpweya. Kenaka kunabwera gadolinium yopangidwira chiwindi, Primovist, n'kulanda msika. Pofika cha m'ma 2009 Feridex anasiya kuipanga, ndipo inzake Resovist inachoka ku Ulaya n'kutsala ku Japan.

Yomwe achimwene a Nabanda awerenga ndikukhulupirira ndi ferumoxytol, dzina la pa botolo Feraheme. Imeneyo inavomerezedwa ku America mu 2009 ngati mankhwala a kuchepa kwa magazi kwa odwala impso, botolo limodzi ayironi 510 mg. Madokotala anaona kuti imazungulira m'magazi nthawi yaitali, theka lake limatenga maola pafupifupi 15 kuti lichoke, ndiye anayamba kuibwereka pojambula mitsempha ndi mitima, makamaka ya odwala impso ndi ya ana. Pa mitsempha, mosiyana ndi pachiwindi paja, imawalitsa bwino kwambiri. Koma si madzi akumwa. Mu 2015 a FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ku America, anaiikira chenjezo lalikulu kwambiri chifukwa anthu ena thupi linaikana mwadzidzidzi, ena anamwalira. Kuyambira pamenepo imaperekedwa ndi diripi mosachepera mphindi 15, namwino ali pompo. Ku Ulaya, kumene inkatchedwa Rienso, inachotsedwa pamsika chaka chomwecho. Ndipo ikalowa imatha kusokoneza zithunzi za MRI zotsatira mpaka miyezi 3.

Ine zaka zonse ndagwira ntchitoyi muno mu Harare sindinaigwirepo ndi manja anga. Mukakaipempha mawa angokuyang'anani.

Nabanda (Highfield): Ndiye achimwene aja angondizunguza mutu ndi zinthu zoti kuno kulibe. Munthu ali kutali amalamula ngati ali pakhomo.

Agogo Gama: Musawadzudzule mwanangu. Wakutali amadwazika ndi foni, ndi mmene angathere. Bola akutumiza ya MRI yo.

Nabanda (Highfield): Atumiza theka agogo. Theka linalo ndi la ife ogulitsa tomato.

Sisitala Nangondo: Ine pali mawu amene andikhala pakhosi chiyambire. Aphiri anena kuti zimawonjezera magazi, a Kondwani anena kuti ayironi amalowa m'nkhokwe ya thupi, ngati kuti ayironi wochuluka ndi dalitso kwa aliyense. A Nabanda, ndikufunseni, musakhumudwe. Bambo anu ankamwa mowa wamasese, uja wofulula kunyumba?

Nabanda (Highfield): Sisitala mwafunsa ngati mumawadziwa. Anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya ku Mvurwi zaka zoposa 30. Kumeneko Loweruka lililonse unali mowa wa m'migolo. Malemu amayi ndi amene ankafulula, ifeyo fizi yathu inachokera m'mgolo. Anasiya atawapeza ndi shuga.

Sisitala Nangondo: Migolo yachitsulo?

Nabanda (Highfield): Eya, madiramu aja a mafuta odula pakati.

Sisitala Nangondo: Ndiye mawa mukawauze adokotala zimenezi, musachite nazo manyazi. Mowa ukamasasa umadya chitsulo cha mgolo, womwa amamwera limodzi ndi ayironi wambirimbiri wosavuta kulowa m'thupi. Munthu wamkulu thupi lake lonse limakhala ndi ayironi magalamu 3 kapena 4 basi, ndipo thupi lilibe khomo lotulutsira wotsala, limangotaya 1 kapena 2 mg patsiku. Wochulukayo amaunjikana m'chiwindi chaka ndi chaka. Matendawa ndi a kwathu kuno kum'mwera kwa Africa, anayamba kulembedwa ku Johannesburg mu 1929, ndipo muno mu Zimbabwe a Victor Gordeuk ndi madokotala a kuno anawafufuza kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 m'midzi momwe anthu amamwa mowa wotere. Anaonanso kuti zimayenda m'magazi a banja, ena amamwa mofanana koma mmodzi ndiye amasunga wambiri. Ayironi wotere amaumitsa chiwindi, amatha kubweretsa shuga, ndipo amakweza chiopsezo cha khansa ya chiwindi.

Sindikunena kuti ndi zomwe bambo ali nazo, ine sindinawaone. Ndikungoti munthu ngati ameneyu ndi womaliza kumuganizira jakisoni wa chitsulo musanayeze. Pa pepala la Feraheme penipenipo analemba kuti asapatsidwe munthu amene ali kale ndi ayironi wochuluka.

Aphunzitsi Mwale (Mufakose): Apa Sisitala mwatiphunzitsa tonse. Ine ndimaganiza za ku Leeds, kuiwala mgolo wa kuseri kwa nyumba.

Aphiri a ku Siyaso: Inetu migolo imeneyo ndimadula ndine, ndipo amai ambiri a ku Hopley ndi ku Epworth amagula kwa ine. Ndiye ndakhala ndikugulitsa matenda?

Amai a Chisomo (Epworth): Musatitchule ife a ku Epworth, ena timaphikira thobwa la ku tchalitchi 🙄

Sisitala Nangondo: Choopsa kwambiri ndi kusasitsa ndi kusungira momwemo masiku, kenako munthu n'kumamwa malita zaka makumi. Akawiritsa azithira mu chidebe cha pulasitiki cha zakudya kapena mumtsuko ngati makolo. Ndipo musatenge nkhaniyi n'kukauza amayi oyembekezera kuti asiye mapiritsi a ayironi a ku sikelo. Iwowo akuperewera, amafunika. Nkhani ndi ya madala omwa masese.

Tiyamike: Sisitala mwandikumbutsa chinthu chabwino. Ngati chiwindi cha bambo chili ndi ayironi wambiri, MRI iona yokha popanda jakisoni aliyense. Chimaoneka chakuda kuposa mnofu wa pamsana, mwa njira yomwe ija a Kondwani afotokoza, kungoti chitsulocho anadzibaya okha ndi chipanda kwa zaka 30. Pali kajambulidwe kotchedwa T2* komwe kamayeza kuchuluka kwake. Ndipo chiwindi chikada kale chotero, kuthiramo tizitsulo tina sikungathandize kuona kalikonse. Adokotala akalemba pa fomu kuti akukayikira ayironi, ife timawonjezera kajambulidwe kameneko, ndi mphindi zochepa.

Kondwani wa ku UZ: Koma tisazitaye zonse abale, tizitsuloti tili ndi tsogolo. Ku Nijmegen ku Netherlands akugwiritsa ntchito mtundu wina, ferumoxtran, pofufuza ngati khansa ya prostate yafika m'timaanabere. Kamwanabere kabwino kamameza chitsulo n'kuda, kogwidwa ndi khansa kamatsala koyera, ngakhale kakhale kochepa ngati njere ya mapira. Pa khansa ya bere pali Magtrace, ya kampani ya ku Cambridge: amabaya m'bere, dokotala wa opaleshoni n'kumatsata ndi kachipangizo komva maginito mpaka apeze kamwanabere koyamba. Njira yakale imafuna mankhwala a nyukiliya omwe amatha mphamvu m'maola ochepa, pomwe botolo la chitsulo limangokhala pa shelefu. Kwa zipatala zathu zakutali ndi mizinda zimenezo n'zomveka. Ndiye palinso makina atsopano omwe Bernhard Gleich ndi Jürgen Weizenecker a ku Philips ku Hamburg analengeza mu 2005, ojambula tizitsuloto mwachindunji osadzera m'madzi.

Tiyamike: Zoona, kungoti Magtrace imasiya banga lofiirira pakhungu ndipo imadetsa MRI ya berelo kwa nthawi yaitali. Makina a ku Hamburg wo akadali ku kafukufuku. Inu malizani sukulu mudzatibweretsere.

Aphunzitsi Mwale (Mufakose): Pongodutsa, kwathu ku Malawi MRI yoyamba inafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, kudzera mwa a Terrie Taylor ofufuza malungo. Maginito ake anali ofooka, 0.35 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito), pomwe ambiri masiku ano ndi 1.5 kapena 3. Koma ndi makina omwewo anapeza mu 2015 kuti ana ofa ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo watupa mpaka kupanikiza malo olamulira kupuma. Ndipo gadolinium tikuiopayi ndi ya banja la miyala yosowa ija ikukambidwa ku Kangankunde ku Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe.

Agogo Gama: Aphunzitsi tabwererani ku Highfield, wodwala ali kumeneko. A Tiyamike, muuzeni mwanayu zoti akanene mawa, mwachidule, ife okalamba tatopa ndi ma tesla.

Tiyamike: Chabwino agogo. A Nabanda, tengani pepala la impso, ngati lapitirira mwezi ayezenso. Funsani dzina la contrast, mumve ngati ili yozungulira ija. Nenani za mowa wa m'migolo, mupemphe ayeze ferritin ndi transferrin saturation, zoonetsa kuchuluka kwa ayironi m'thupi. Tengani mankhwala onse omwe bambo akumwa m'thumba, ndi azitsamba omwe, adokotala awaone ndi maso. Ngati akaona kuti jakisoni asabaye, MRI yopanda contrast imanenabe zambiri, si ndalama yotaya.

Sisitala Nangondo: Onjezani hepatitis B ndi AFP, ya m'magazi yothandiza kufufuza khansa ya chiwindi, ngati sanayeze. Ndipo bambo asiye kaye mapiritsi a ululu aja ogula pa tebulo ku Mbare Musika, ibuprofen ndi diclofenac amamaliza impso zofooka.

Nabanda (Highfield): Amamwadi amenewo chifukwa cha mawondo. Ndikawalanda usiku uno. Zikomo abale, ndalemba zonse kuseri kwa kalendala.

*Lachisanu masana*

Nabanda (Highfield): Ndabwerako. eGFR ndi 38. Adokotala akuti pamenepo atha kubaya, ndipo omwe amajambula akuti amagwiritsa ntchito Dotarem. Nditanena za migolo anasiya kulemba n'kundiyang'ana, akuti bwanji simunanene poyamba. Ndinati munandifunsa ngati amamwa, ndinati anasiya, za mgolo simunafunse. Atenga magazi a ferritin ndi hepatitis B, ndipo pa fomu awonjezera za ayironi zija. MRI ndi Lachitatu 9 koloko, asadye kuyambira m'mamawa.

Tiyamike: Mwachita bwino. Shuga wawo mukafunse kuti mapiritsi a m'mawa amwe bwanji poti sadya. Makina amasokosera ngati chigayo, muwauziretu asachite mantha, ndipo pa chiwindi tidzawauza kugwira mpweya kangapo. Muziyeserera nawo kunyumba, masekondi 15 kapena 20. Amamva Chishona ndi Chingerezi bwinobwino?

Nabanda (Highfield): Chishona amamva koma akachita mantha amabwerera ku Chichewa cha ku Dedza. Achimwene a ku Leeds ndawauza zonse, poyamba anakwiya, kenako anakumbuka kuti iwo ndi amene ankatsuka migolo ija ali mwana. Bambo akuti mowa wa amayi anu sunadwalitsepo munthu, ndi shuga wa m'tauni ameneyu.

Agogo Gama: Musakangane nawo, ingowatengani. Mayendedwe Lachitatu muli nawo? Munthu wotupa miyendo mu kombi ayi.

Aphiri a ku Siyaso: Ndidzawanyamula ine pa kabakkie kanga, 7 koloko ndili pa geti. Mungothira mafuta pang'ono. Ndikalowa nawo mpaka m'chipindamo ndizikawamasulira.

Tiyamike: Kunyamula anyamuleni, koma m'chipinda cha maginito inuyo Aphiri simulowa. Zaka zonsezi mukuwotcherera ndi kugaya zitsulo opanda magalasi, simunalowedwepo kachitsulo m'diso?

Aphiri a ku Siyaso: Kawiri. Kena anachotsa ndi singano, kenako sindikudziwa kuti kanapita kuti.

Tiyamike: Kameneko ndiye kamene amai a Chisomo amaopa dzulo, ndipo pa kameneko akunena zoona, kamatha kusuntha n'kuwononga diso. Inu mukakhala pa benchi panja ndi makiyi, mafoni ndi ndodo ya madala. Womasulira akhala a Nabanda, avale zopanda zipi ndi mawaya, ndi mapini a m'duku achotse.

Amai a Chisomo (Epworth): Mwaona? Ndinanena ine 😌

Nabanda (Highfield): Aphiri, nyumba ndi ija ya geti lobiriwira kuseri kwa Machipisa, ndikutumizirani malo ku inbox. Mubwere ndi pilo, msewu wathu ndi maenje okhaokha.